Mutu 6: Chivindikiro cha a Creuza

1. M'mawa wa tsiku la moto

Tsiku loti mawa lake ndi chikondwerero cha Yohane Woyera ine sindilikonda. Ena amalidikira chaka chonse, koma ine ndimadzuka mtima uli m'mwamba. Pakhomo lililonse amaunjikapo nkhuni zodzayatsa madzulo, ana amathamanga ndi makombola m'matumba, amuna amayamba kachasu wa nzimbe dzuwa lisanatenthe. Moto uku, moto uko. Munthu wa maso awiri ayang'ane kuti?

Kwathu moto unali utayaka kale. Mdzukulu wanga Valdirene, amene ndamulera chimwalirire mayi ake, anali pansi pa mtengo wa mango ndi kabotolo kake ka gasi kolavula moto. Sukulu ikatsekera, iye amamata ziwiya za aluminiyamu: maketulo, mabeseni, zitini za mkaka. Amamatira tindodo toyera togula kumsika wa m'tauni ya Caruaru, timene timasungunuka msanga chiwiya chisanasungunuke.

Anamuphunzitsa ndi a Damião, achikulire amene moyo wawo wonse anayenda panjinga akukonza mapoto m'makomo. Tsopano maso awo achita ng'ala, manja amanjenjemera. Amangokhala pampando pambali pake, n'kumayang'anira ntchito ndi makutu.

"Iwe Valdirene," ndinatero ndili pakhonde, "mangira tsitsi kumbuyo. Ndakuuza kangati kuti tsitsi ndi udzu wouma? Uvale nsapato zotseka, chifukwa dontho la chitsulo likagwera pachala silipepesa. Botolo ilo usaliike padzuwa. Usaweramire utsi. Galu akabwera usamuthamangitse moto uli m'manja. Ndipo mwana aliyense wa makombola akayandikira, zimitsa, ngakhale ntchito iwonongeke."

"Ndamva, agogo."

"Wamva chiyani? Bwereza."

A Damião anaseka mpaka kutsokomola. "A Tiana, inu mukanakhalapo tsiku lolenga dziko, bwenzi mutauza Mulungu kuti asendeze dzuwa patali, ana angapse."

"Ndipo bwenzi ndikunena zoona," ndinawayankha.

2. Mayi wapamoto

Tili mkati moseka, pampanda panatulukira a Creuza atasenza poto wamkulu.

A Creuza si m'bale wathu wamagazi. Chaka chimene mayi a Valdirene anamwalira, madzulo ngati a lero, mwanayo anachoka pamiyendo panga n'kukagwira dzanja la a Creuza pamoto wa Yohane Woyera. Anagwirana manja, wina uku wina uko, makala ali pakati, nazungulira akutchula Yohane ndi Petulo kuti akhale mboni. Kuyambira pamenepo a Creuza ndi mayi wake wapamoto. Yunifolomu ya sukulu anasoka ndi iwo. Mwanayo atadwala chikuku, anagona naye pamphasa ndi iwo.

Valdirene anazimitsa moto, napukuta manja, nakapsompsona dzanja lawo monga amachitira tsiku lililonse.

"Mdalitso wanu, amayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Kodi a Damião, mudakali moyo? Ine ndimayesa anakumatani kale m'bokosi."

"Ndikudikira mutsogole inu, mukandisesere malo."

A Creuza anatula potoyo pansi. Anali poto wa nthunzi, uja wa chivindikiro chomanga, amene amalira tsiii pamoto ndi kufewetsa nyemba msanga. Tonse tinkamudziwa. Anawatumizira ndi mwana wawo Edmilson kuchokera kumzinda wa São Paulo, atachira ngozi ya njinga yamoto. Ali chikomokere m'chipatala, a Creuza analonjeza Yohane Woyera kuti mwana akadzuka, chaka chilichonse aziphikira anthu onse a kutchalitchi mphale ya mkaka wa kokonati. Mwanayo anadzuka, ndipo lonjezo silinaphonyepo.

"Wagwa pathebulo dzulo," anatero. "Taona apa, pafupi ndi chogwirira. Kamng'alu kakang'ono. Mphale ndanyika kale, ndiye undimatire msanga."

Valdirene anatsata mng'aluwo ndi chikhadabo. Unali wotalika ngati chala. Anapereka potoyo kwa a Damião, iwo napapasa ndi chala chachikulu, nagogoda ndi mphete yawo. Anangomubwezera.

"Amayi," anatero Valdirene, maso ali pansi, "mng'alu ndingautseke, madzi sadzatuluka. Koma poto uyu asadzamangidwenso ndi chivindikiro chake. Akhale poto wamba."

A Creuza anaseka manja ali m'chiuno. "Tamumvani dokotala wa maketulo! Mphale ya anthu onse aja ndiphike pa poto wotsegula, ipse mawa? Iwe mata basi. Zophika undisiyire ine, ndinayamba iwe usanamere mano."

"Angaphulike, amayi."

"Yohane Woyera angalole poto wa lonjezo lake aphulike? Chabwino, ndingovindikira pang'ono, sindimanga kwambiri. Ndibwera belu la masana likalira."

Anasiya poto ndi chivindikiro chake, napita akuimba. Tonse atatu tinadziwa tanthauzo la "pang'ono" wa a Creuza.

3. Machenjezo awiri

A Damião anasendeza mpando.

"Mwana iwe, tamvera. Chitsulo chakuda chili ndi ulemu. Ukachiwotcha chimafiira, chimakuuza kuti ndatentha. Aluminiyamu alibe ulemu umenewo. Amangokhala mbuu, ngati palibe chikuchitika, mpaka nthawi imene angogwa ngati phala. Ndipo ngakhale asagwe, pamene moto wanyambita pamafewa, sipabwereranso mwakale. Pa ketulo zilibe kanthu. Pa beseni zilibe kanthu. Koma mu poto wa nthunzi muli ng'ombe yomangidwa, ndipo imafunafuna pofewa poti itulukire. Mphale ndiye yoipitsitsa, chifukwa imachita thovu n'kutseka kabowo kopumira. Ndili mnyamata ndinaitanidwa panyumba ina kukakonza ketulo. Ndinapeza denga la khitchini lili ndi chibowo, nyemba zitamatirira m'zipupa. Mayi wapanyumbapo anandilandira atafunda nsalu nkhope yonse. Poto wawo anali womatidwa bwino kwambiri, ndipo womata anali katswiri kuposa ine. Chiyambire tsiku limenelo, poto wa nthunzi wong'aluka sindinamugwirepo. Ndalandira matemberero ambiri chifukwa chokana, koma ndimagona tulo."

Valdirene anangogwedeza mutu.

Pamenepo ine ndinatsika pakhonde, chifukwa mantha anga anali awiri, ndipo ankakokerana kwina ndi kwina.

"A Damião anena zawo, tsopano umve zanga. Ine sindinapite kusukulu, za ng'ombe ya mu poto sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi wapamoto sakanizidwa. Wa ubatizo amakusankhira ndi makolo uli khanda, koma wapamoto unasankha wekha, ndi dzanja lako, woyera akuona. Kunali mtsikana kwathu, dzina lake Lindalva. Anayankha mwano mayi wake wapamoto chifukwa cha nkhuku, nkhuku basi. Mayiyo anabisa dzanja, osamudalitsanso. Mtsikanayo chilichonse chimene ankagwira chinkafota. Anachoka m'mudzi wopanda womuperekeza. Iwe ulibe mayi wina. Ine ndakalamba, mawa kapena mkuja mundinyamula. Ndikapita, amene adzakufunse ngati wadya ndi a Creuza. Usawakhumudwitse. Komanso usamate potoyo, chifukwa akaphulika magazi adzakhala pamutu pako. Ndiye chita chonchi: bisa tindodo tako pansi pa bedi langa, uwauze kuti tatha. Munthu sakwiyira mwana chifukwa cha chinthu chimene chatha."

"Agogo, mukundiuza kuti ndiname?"

"Ndikukuuza kuti upulumuke."

"Ndikanena kuti tatha, apita kwa okonza njinga zamoto kumsika. Akapakapo guluu wakuda uja, ndipo madzulo poto ali pamoto, chivindikiro chomangidwa. Ine ndapulumuka. Nanga iwo?"

Ndinayang'ana a Damião, koma iwo anali atatembenuzira nkhope kumtengo.

4. Ntchito

Valdirene anamanga tsitsi, navala nsapato zotseka ine ndisananene. Anamasula chogwirira cha poto. Kumapeto kwa mng'alu anaboola kabowo kakang'ono kuti usapitirire. Kenaka anatenga bulashi ya waya wosachita dzimbiri, nakwecha mpaka malowo anawala.

"Kwechanso," anatero a Damião. "Ndikumva kuti khungu lake lidakalipo. Pa khungu kandodo sikagwira."

Popeza poto anali wamkulu, anayamba wamutenthetsa pambaula, kenaka anamukhazika pa njerwa nayatsa kabotolo. Moto ankauyendetsa mozungulira mng'alu, osauimitsa. Akatero ankausuntha, n'kukhudza potoyo ndi kandodo. Kandodo kanakana. Anatenthetsanso, nakhudzanso.

"Usakaike m'lawi," a Damião anamukumbutsa. "Kakasungunuka ndi lawi kamangogona pamwamba ngati malovu. Kasungunuke ndi kutentha kwa poto mwini wake."

Mwadzidzidzi nsonga ya kandodo inanyowa, niyenderera mumng'alu ngati mafuta. Valdirene anakandakanda mkati mwake ndi kawaya kuti zigwirane, nakokera mpaka kumapeto, nazimitsa moto.

"Usathire madzi!" ndinakuwa.

"Agogo, zimenezo ndinakuphunzitsani ndine."

Poto atazizira yekha, anabwezera chogwirira nadzazamo madzi. Tinadikira. Sipanatuluke ngakhale kadontho. Pomatapo panali posalala, powala kuposa poto yense. Ndikuuzani zoona, ana inu, kukongola kwakeko n'kumene kunandiopsa. Aliyense woona akanalumbira kuti poto uyu ndi wolimba kuposa watsopano.

Valdirene anayang'ana ntchito yake nthawi yaitali. Kenaka anatola chivindikiro. Anachotsa labala wa m'mphepete ndi kachipewa ka pamwamba kamene kamalira tsiii, naziika pambali. Chivindikirocho anachigoneka pa njerwa, nayatsanso moto.

"Chivindikiro chilibe mng'alu," ndinatero.

"Bwererani pakhonde, agogo."

Ulendo uno moto sanauyendetse. Anauloza pakati penipeni, nauimitsa pomwepo. A Damião anapendeketsa mutu.

"Moto umenewo wakhalitsa pamalo amodzi, mwana iwe."

"Ndikudziwa, agogo Damião."

"Ukudziwa kuti n'cha yani?"

"Ndikudziwa."

"Valdirene!" ndinafuula. "Mphatso ya Edmilson imeneyo! Zimitsa! Mayi Maria, mwanayu wapenga!"

Sanacheuke. Chivindikiro chinangokhala mbuu, monga ananenera a Damião, ngati palibe chikuchitika. Ndinayamba kuyembekeza kuti mwina motowo walephera. Kenaka pakati panachita makwinya ngati pamwamba pa mkaka wowira, panalendewera, n'kugwera pa njerwa. Panatsala bowo loti dzira lingadutse.

Valdirene anazimitsa moto.

5. Belu la masana

Belu litalira, ine ndinamupempha kuti abise chivindikirocho, anene kuti galu wachikoka. Anakana. Anachipukuta bwinobwino, nachiika pamwamba pa poto.

A Creuza analowa akupukuta thukuta. Anayamba kuona pomata paja.

"Eee, taonani manja a mwana wanga! A Damião, inu moyo wanu wonse munamatapo chonchi? Achemwali a Tiana, mtsikana uyu asakwatiwe ndi munthu wamba."

Kenaka ananyamula chivindikiro. Dzuwa linadutsa pabowo lija n'kuwala pa epuloni yawo.

Anayang'ana bowolo, kenaka anayang'ana Valdirene.

"Moto unakupulumuka?" anafunsa motsitsa. "Nena kuti unakupulumuka. Ngozi imagwera aliyense."

Ine ndinayang'ana mwanayo ndi maso opempha. A Creuza anali atamutsegulira khomo, kunangotsala kulowa.

"Sunandipulumuke, amayi. Ndachita dala."

"Dala."

"Poto sadontha, mutha kuphikira zaka zambiri. Koma akamangidwa adzaphulika, kaya lero, kaya chaka chamawa, inu mutaweramira pomwepo. Ndinakuuzani m'mawa, munaseka."

"Ndiye poti ndinaseka, iwe n'kuwotcha katundu wanga? Mwana wanga anagula poto uyu mwendo uli m'chikhakha. Anayenda ndi ndodo kukam'tumiza. Iwe ndiwe yani kuti undilamulire m'khitchini mwanga?" Anatembenukira kwa achikulire aja. "Mwamutuma ndinu, nkhalamba inu?"

"Ine ndinamuphunzitsa kutseka mabowo, a Creuza. Kuboola waphunzira yekha. Koma wakutsina khutu ndi mnansi."

"Uyu sananditsine khutu, wandidula khutu!"

"Lonjezo silifa, amayi," anatero Valdirene. "Mphale mwanyika kale. Tikayatsa nkhuni tsopano, ipsa anthu asanatuluke m'tchalitchi. Nkhuni ndili nazo, ndipo ndivundula ndine mpaka madzulo. Chivindikiro chokhacho ndicho ndakulakwirani, ndipo sindikana."

A Creuza anaika chivindikiro mu poto, nasenza. Valdirene anathamangira kutsogolo kwawo, nawerama, natambasula dzanja.

"Mdalitso wanu, amayi."

Ndaona zambiri pa moyo wanga, koma ichi sindinafune kuchiona. A Creuza anayang'ana mutu woweramawo, kenaka dzanja lawo lamanja analilowetsa pansi pa epuloni. Anamulambalala ngati chitsa.

Atafika pampanda anaima, osacheuka.

"Moto ukayaka madzulo, ubwere pakhomo panga. Ubwere ndi agogo ako, ndi nkhalamba yakoyo. Ubale wathu wapamoto tinaumanga pamaso pa anthu. Zimene nditi ndinene, ndikazinenanso pamaso pa anthu."

6. Utsi

Ndinakhala pansi pomwepo.

"Wachita chiyani, mwana iwe? Chibadwire sindinamve kuti za pamoto zinamasulidwapo, koma a Creuza akakwiya sadziwa malire. Tsopano tamvera. Khala m'nyumba. Usadutse pakhomo pawo. Munthu wokwiya ndi chitsulo chotentha, umachisiya chizizire chokha, wanena wekha. Ukapita tsopano akuthira madzi otentha, kapena akunenera mawu amene sadzabwezeka. Dikira madzulo, ine ndikalankhule, ndikagwade ngati n'kofunika."

Valdirene anatseka kabotolo kake, nasonkhanitsa tindodo. Kenaka anapita pa mulu wa nkhuni zathu za Yohane Woyera, nayamba kusolola zouma bwino.

"Zimenezo n'za woyera!"

"Mphalenso ndi ya woyera, agogo."

Anamanga mtolo, natenga mthiko wathu waukulu, natuluka. Ine ndinaima pampanda. Ndinamuona akudutsa pansi pa timbendera ta mapepala, mpaka pakhomo la a Creuza kumapeto kwa msewu. Anatula mtolo nagogoda. Chitseko sichinatseguke. Anagogodanso. Kenaka anasenzanso mtolo wake, nazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo sindinamuonenso.

"Mukuona chiyani?" anafunsa a Damião.

"Palibe."

"Ndiye khalani pansi, mutha mpandawo ndi zikhadabo."

Sindinakhale. Patapita nthawi, kuseri kwa nyumba ija kunakwera utsi wa nkhuni. Woyatsa sindinamudziwe. Masana onse ndinatchera khutu kudikira kulira kuja kwa tsiii, kumene chaka chilichonse kumamveka msewu wonse. Sikunamveke. M'malo mwake, dzuwa litapendeka, mphepo inabweretsa fungo la kokonati.

"Yapsa," anatero a Damião akununkhiza. "Ndipo nkhope ya a Creuza idakali pamalo pake."

"Nanga mwana wanga?"

"Zimenezo mphuno sizidziwa."

Valdirene sanabwere kudzasamba, kapena kudzavala diresi limene ndinamusitira. Dzuwa litalowa, anthu anatuluka m'tchalitchi, ndipo moto unayamba kuyaka khomo ndi khomo, kutsika ndi msewu. Wa a Creuza unayaka pomalizira. Anthu anaunjikana pamenepo ndi makapu awo, koma palibe amene ankaimba, ndipo wa akodiyoni anali ataipachika paphewa.

Ndinagwira a Damião pamkono, tinayamba kuyenda. Titayandikira, anthu anatipatukira. Tsidya lina la moto kunaima Valdirene, maso ofiira ndi utsi, mthiko udakali m'manja. Tsidya linalo kunaima a Creuza. Kudzanja lamanzere anagwira chivindikiro chobooka chija. Lamanja linali pansi pa epuloni. Sindinadziwe ngati lituluka kudzadalitsa kapena kudzamasula za pamoto.

"Mwafika, achemwali?" anatero. "Imani apo, poti mumve bwino. Iwe Valdirene, taya mthikowo. Sendera kuno kumoto."